Pepala Lilibe Mano, Koma Lidaluma Alimi a ku Hungary

Sabata yatha, awerengi, tidasiyana m'chaka cha 1945, nkhondo yachiwiri ya dziko lonse itangotha, asilikali a Soviet Union atakhazikika m'dziko la Hungary. Lero tituluka m'mizinda, tilowe m'midzi ya dzikolo, kuti tione zimene zidagwera alimi pakati pa 1948 ndi 1953, ndi mbali imene nyuzipepala zidatengapo. Tsiku lina tikuphunzira mbiri ya Ulaya, mnyamata wina wa Folomu 4 adandifunsa kuti, "Aphunzitsi, nanga pepala lingamuchite chiyani munthu, poti lilibe mano?" Belu lidalira ndisanamuyankhe mokwanira. Yankho lakelo ndalilemba pano, ndipo ndikulipereka kwa inu amene mwangotsiriza sukulu, ndi kwa aphunzitsi anzanga amene ntchito yathu ndi kuphunzitsa ana kuwerenga.

Nyuzipepala za chipani cha Chikomyunizimu ku Hungary zidali ndi mikwapulo iwiri. Woyamba udali wokwapulira mlimi wopeza bwino. Wachiwiri udali wa mkulu wa boma wa m'mudzi amene adayerekeza kumuchitira chifundo mlimiyo. Anthu ambiri amakumbukira woyambawo, koma ine ndiona kuti wachiwiri ndiwo udaononga kwambiri, pakuti udatseka khomo lokhalo limene chifundo chikadalowera m'mudzi, ndiponso limene choonadi chikadatulukira kupita kwa olamulira.

Dziko la tirigu

Hungary ndi dziko la pakati pa Ulaya, losagundana ndi nyanja yamchere. Gawo lalikulu la dzikolo ndi chigwa cha nthaka yachonde chimene mitsinje ya Danube ndi Tisza imadutsamo, ndipo kuyambira makedzana anthu akumeneko amalima tirigu ndi chimanga, naweta nkhumba, ng'ombe ndi atsekwe. Koma chisanafike chaka cha 1945, nthaka yambiri idali m'manja mwa mabanja ochepa olemera ndi mwa mpingo, pamene anthu miyandamiyanda adali ongogwira ntchito m'minda ya eni.

Mu Malichi 1945 boma latsopano lidalanda minda ikuluikuluyo ndi kuigawa. Anthu oposa 640,000 adalandira malo, ndipo nduna ya zamalimidwe imene idayendetsa ntchitoyo idali Imre Nagy, wa chipani cha Chikomyunizimu. Dzina limeneli mulisunge, chifukwa tikumana nalonso. Masiku amenewo chipanicho chidali kutsimikizira alimi kuti sichidzawakakamiza kulima m'magulu monga zidachitikira ku Soviet Union. Komabe pa chisankho cha mu Novembala 1945 chipani cha alimi a minda ing'onoing'ono ndicho chidapambana ndi mavoti 57 mwa 100 alionse, pamene Achikomyunizimu adapeza 17 okha.

Zaka zitatu zokha zidakwanira kuti zinthu zitembenuke. Modalira asilikali a Soviet Union ndi apolisi achinsinsi, Mátyás Rákosi ndi anzake adaphwasula zipani zina chimodzichimodzi, ndipo mu Juni 1948 adakhazikitsa Chipani cha Anthu Ogwira Ntchito cha Hungary, chimene posakhalitsa chidatsala chokha pa ulamuliro. Mwezi womwewo bungwe la Cominform, lomvera Stalin, lidadzudzula Tito wa ku Yugoslavia, ndipo umodzi mwa milandu yake udali wolekerera alimi olemera. Atsogoleri a maiko oyandikana nawo adamva chenjezolo. Pa 20 Ogasiti 1948, mu mzinda wa Kecskemét, Rákosi adalengeza kuti ulimi wa dzikolo uyenera kutsata njira ya minda ya gulu. Lonjezo lija lidathera pomwepo.

Kodi kulaki adali yani?

Liwu loti kulák, limene ife tilitchula kuti kulaki, si la ku Hungary. Lidachokera ku Chirasha, kumene limatanthauza chibakera, ndipo Lenin ndi Stalin adaligwiritsa ntchito ponena za mlimi wolemera wodyera anzake masuku pamutu. Chiphunzitso chawo chidagawa mudzi patatu: mlimi wosauka akhale mzati wa chipani, wapakati akhale bwenzi, koma kulaki alimbane naye. Ku Hungary malire adaikidwa chotere: aliyense wokhala ndi minda yokwana mahold 25, omwe ndi mahekitala 14 kapena maekala 35 mongoyerekeza, ndiponso aliyense amene nthaka yake idawerengeredwa makorona agolide 350 m'mabuku a msonkho, adali kulaki. Koma malirewo adali otamuka ngati mphira. Mwini chigayo, mwini makina opunthira tirigu, mwini malo ogulitsira mowa, ngakhale amene adalembapo wantchito zaka za m'mbuyo, adatha kulowa m'kaundula wa akulaki. Mabanja olembedwamo adafika cha m'ma 70,000.

Tisabise kuti ena mwa alimi olemerawo adalidi ouma mtima kwa antchito awo, ndipo madandaulo a amphawi sadali opeka. Koma kaundulayo sadafunse za khalidwe la munthu. Adangofunsa za kukula kwa munda wake. Wolembedwa adalipira msonkho wapadera. Mlingo wa zokolola zimene adayenera kupereka ku boma pa mtengo wotsika udali wokulirapo kuposa wa anzake. Sadaloledwe kulowa m'minda ya gulu, koma minda yake yachonde idatengedwa kuti ikhale ya gululo, iye napatsidwa ina yakutali ndi yosabala. Ana ake aamuna poitanidwa ku usilikali adapatsidwa fosholo m'malo mwa mfuti. Ndipo ngakhale atatopa nazo ndi kupereka minda yake yonse ku boma, monga ambiri adachitira, dzina lake kawirikawiri lidatsalabe m'kaundula.

Inu amene mwangolemba mayeso, taganizirani ichi. M'mabuku a sukulu ophunzira adagawidwa potsata ntchito ya makolo awo, ndipo mwana wa kulaki adaikidwa chilembo cha X, chosonyeza mlendo pakati pa anthu ogwira ntchito. Mwana wotere, ngakhale akhoze bwanji, njira yake ya ku yunivesite idali yotsekeka pafupifupi kotheratu. Mchitidwe wosankha ophunzira potsata makolo udapitirira mpaka kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1960.

Mkwapulo woyamba

Nyuzipepala yaikulu ya chipani idali Szabad Nép, kutanthauza Anthu Aufulu, yotuluka tsiku ndi tsiku ku Budapest, ndipo m'zaka zoyamba mkonzi wake wamkulu adali József Révai, katswiri wa chiphunzitso cha chipanicho. Alimi adali ndi yawo ya pa sabata yotchedwa Szabad Föld, ndiye kuti Nthaka Yaufulu. Chigawo chilichonse chidalinso ndi nyuzi yake, ndipo ya nthabwala ndi zithunzi zojambula pamanja idali Ludas Matyi. Kuwerenga sikudali kwa ofuna okha ai. M'mafakitale ndi m'maofesi mudali mwambo wotchedwa theka la ola la Szabad Nép, pomwe antchito adasonkhana m'mawa kukambirana nkhani za m'nyuziyo, aliyense naonetsa kuti wawerenga ndipo wavomereza.

Kulaki wa m'zithunzi adali munthu mmodzi yemweyo nthawi zonse: wamimba yaikulu, wa ndevu za pamlomo zopotana, wovala jombo zazitali, maso ake ali psuu ndi umbombo. Milandu yake nayonso idali yobwerezabwereza. Adakwirira tirigu pansi, adadyetsa nkhumba buledi pamene antchito a m'tauni adali pamzere, adachedwetsa dala kufesa, adapha nkhumba popanda chilolezo, adafalitsa mphekesera, adapangana ndi wansembe kapena ndi anthu a Tito. Nyuzi idatchula dzina la munthu, mudzi wake ndi chilango chimene khoti lidampatsa. M'midzi mudali olemba makalata opita ku nyuzipepala, kotero kuti mkangano wa malire a munda kapena nsanje yakale idatha kusanduka nkhani yosindikizidwa. Kunyumba ya khonsolo kudali bolodi la manyazi, pomwe maina a olephera kukwaniritsa mlingo adalembedwa kuti odutsa onse aone.

Kodi chidafunikira n'chiyani kuti boma lidzipangire mdani wotere? Chifukwa chake chidali m'mimba mwa anthu. Pulani ya zaka zisanu imene idayamba mu 1950 idathira chuma cha dziko m'mafakitale a zitsulo ndi m'gulu la nkhondo, mpaka kumanga mzinda watsopano wa zitsulo wotchedwa Sztálinváros m'mbali mwa Danube, pamene ulimi udangolandira nyenyeswa. Chakudya chidayamba kusowa m'dziko limene kale lidali kugulitsa tirigu kunja, ndipo mu 1951 makadi ogulira chakudya adabwereranso. Boma silikadavomera kuti pulani ndiyo idalakwika, choncho padafunika wina wosenza mlanduwo. Stalin adali ataphunzitsa kuti dziko likamayandikira Sosholizimu adani amakhala olusa koposa. Ndi chiphunzitso chotere, mdani akapanda kuoneka sindiye kuti kulibe, koma kuti wabisala mochenjera ndipo ofufuza ndiwo akugona.

Kuti muone kumene mawu osindikizidwa adafikitsa anthu, imvani za mlimi wina wa m'mudzi wa Köröstarcsa. M'nyengo yokolola ya 1950 moto umene adasonkha kumunda pophika chakudya udathawira mu udzu wouma. Zoonongeka zidali zochepa, koma popeza adali m'kaundula wa akulaki, nkhaniyo idalengezedwa ngati kutentha dala chuma cha anthu. Khoti lofulumira lidamuweruza kuti aphedwe, ndipo adanyongedwa. Owerenga adali atauzidwa kwa zaka ziwiri kuti kulaki ndi wotentha minda, tsono moto wangozi udapeza mlandu uli wokonzeka kale.

Mkwapulo wachiwiri

Lamulo lolembedwa ku Budapest silisenza lokha thumba la tirigu. Pafunika munthu wa m'mudzi woti alitsate. Mu 1950 boma lidachotsa dongosolo lakale la alembi ndi akuluakulu a midzi, niliika makhonsolo ofanana ndi a ku Soviet Union. Apampando ndi alembi a makhonsolowa kawirikawiri adali alimi osauka kapena antchito wamba a maphunziro ochepa, okwezedwa chifukwa chokhulupirika ku chipani. Iwowa ndiwo adali ndi udindo wosunga kaundula wa akulaki, kutolera tirigu, chimanga, mbatata, mkaka, mazira, nkhuku ndi nkhumba, kulipiritsa ochedwa, ndi kukopa anthu kuti alowe m'minda ya gulu.

Koma wapampando wa khonsolo adali munthu, ndipo nthawi zambiri adali mwana wa dera lomwelo. Adadziwa munda umene matalala adaononga. Adadziwa kuti wotchedwa kulaki uja ndi nkhalamba imene ana ake adathawira ku fakitale, kapena ndi amene adabwereketsa mbewu kwa atate ake chaka cha njala. Motero ena adazengereza kulipiritsa, ena adatsinzina pomva fungo la nyama ya nkhumba, ena adachedwa kulemba dzina m'kaundula. M'dziko la malamulo ouma chotere, kuzengereza kwa anthu amenewa ndiko kudali mpumulo wokhawo wa mudzi.

Nyuzipepala zidalunjika pomwepo. Zidasindikiza mndandanda wa zigawo ndi maboma monga mwa mpikisano, kusonyeza otsogola ndi otsalira pa kutolera zokolola. Dera likatsalira, mtolankhani adapita kukafufuza chifukwa chake, ndipo chifukwacho sichidali chilala kapena kuchuluka kwa mlingo. Chidali wapampando wolekerera, mlembi wa chipani wosakhala tcheru, kapena wotolera amene adagwa m'manja mwa adani. Padali ndi liwu lake lomunenera munthu wotere, loti kulákbarát, bwenzi la kulaki. Wotchulidwa m'nyuzi adayenera kuimirira pa msonkhano ndi kudzidzudzula yekha pamaso pa anthu. Akachita mwayi zidathera pomwepo. Apo ayi adachotsedwa ntchito, kuchotsedwa m'chipani, mwinanso kuimbidwa mlandu wosokoneza dala chuma cha dziko.

Chodabwitsa n'chakuti mkulu yemweyo adathanso kudzudzulidwa pa mlandu wosiyana ndi umenewu. Nkhanza zikafika poti alimi apakati ayamba kusiya minda, atsogoleri adanena kuti akuluakulu a m'midzi ndiwo apyola muyeso ndi kupotoza mfundo zabwino za chipani. Akafewa adali bwenzi la mdani, akauma adali wopotoza mfundo. Olakwa adapezeka pansi nthawi zonse, pamwamba ai.

Zotsatira zake zidali zitatu. Choyamba, chifundo chidasanduka mlandu, ndipo mkulu wofuna kusunga ntchito ndi banja lake adaphunzira kuti kuli bwino kulanda mopitirira kusiyana ndi kulanda moperewera. Chachiwiri, malipoti opita ku likulu adaleka kunena zoona, pakuti wonena kuti mudzi ulibe tirigu adaoneka ngati wolankhulira akulaki. Choncho olamulira adawerenga m'nyuzi zawo zomwe iwo eni adalamula kuti zilembedwe, nazikhulupirira. Chachitatu, mlimi wapakati adaona zimene zidagwera mnansi wake nakumbukira kuti chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe. Adaleka kuonjezera ziweto, adaleka kusamala nthaka imene mawa ikadatha kutengedwa, ndipo ambiri adasiya makasu ndi kupita ku migodi ndi ku mafakitale. Minda yambiri idagonera.

Kusesa kudenga

Chaka cha 1952 ndicho chidaulula zonse. Mu Januwale boma lidakhazikitsa unduna wapadera wotolera zokolola, ndipo nduna yake yoyamba idali Imre Nagy yemwe uja, amene mu 1949 adachotsedwa m'komiti yaikulu ya chipani chifukwa chotsutsa kufulumiza minda ya gulu, koma pambuyo pake adadzidzudzula nabwezedwa. Chaka chimenecho chisanu chidapsereza mbewu zitangomera, kenaka kudadza chilala. Zokolola zidachepa kwambiri, koma otolera adatumidwabe. Alimi a ku Hungary amasunga tirigu m'chipinda cha kudenga kwa nyumba, chimene kwa iwo chili ngati nkhokwe. Otolera, operekezedwa ndi apolisi, adakwera m'zipindazo ndi kutenga zonse, ndipo anthu adautcha mchitidwewo padlássöprés, kusesa kudenga. Akatswiri a mbiri amawerengera kuti mwa mabanja a alimi okwana 1,200,000, mabanja 800,000 adatsala opanda tirigu wokwanira kudya ndi kufesa.

Taonani chiwerengerocho bwino. Akulaki adali cha m'ma 70,000, koma osesedwa adali 800,000. Tsache limene nyuzi zidati ndi la mdani lidasesa ndi amphawi omwe, kuphatikizapo aja adalandira minda mu 1945. Alimi mazana a zikwi adaweruzidwa m'makhoti m'zaka zimenezo pa mlandu woika chakudya cha dziko pangozi. Kuonjezera apo, kuyambira mu Juni 1950 mpaka 1953, anthu pafupifupi 10,000, ambiri a iwo ochokera m'malire a Yugoslavia, adasamutsidwa usiku ndi mabanja awo kupita ku misasa 12 ya m'chigwa cha Hortobágy, kumene adagwira ntchito yakalavulagaga popanda kuweruzidwa ndi khoti lililonse.

Mphepo itembenuka

Stalin adamwalira pa 5 Malichi 1953. Mu Juni atsogoleri a Hungary adaitanidwa ku Moscow, kumene olowa m'malo a Stalin adadzudzula Rákosi koopsa ndi kulamula kuti Imre Nagy akhale nduna yaikulu. Pa 4 Julayi 1953 Nagy adalankhula m'Nyumba ya Malamulo, anthu akumva pa wailesi. Adalonjeza kuthetsa kaundula wa akulaki, kutseka misasa, ndi kulola ofuna kutuluka m'minda ya gulu kuti atuluke. Ndipo alimi zikwi zambiri adatulukadi. Koma patangopita sabata imodzi, Rákosi, amene adali akadali mtsogoleri wa chipani, adauza omutsatira ku Budapest kuti kulaki ndi kulaki basi, kaundula akhalepo kapena asakhalepo. Chikalata chimene komiti ya chipani idavomerezamo zolakwa zake kumapeto kwa Juni sichidasindikizidwe kwa zaka zoposa 30. Nyuzi zimene zidali ndi malo otchulira dzina la wapampando wa kamudzi kakang'ono zidasowa malo olembamo kulapa kwa akuluakulu.

Nanga olembawo? Ambiri mwa atolankhani a Szabad Nép adali achinyamata ophunzira bwino amene adakhulupiriradi zimene adalemba. Atayendera midzi ndi kuona ndi maso awo, ena chikumbumtima chidawagwira. Mu Okutobala 1954 adachita msonkhano wa masiku angapo m'nyumba yawo yosindikizira, nafuna kuti aloledwe kulemba zoona, ndipo otsogolera maganizowo adachotsedwa ntchito pasanapite nthawi. Nagy naye adachotsedwa mu 1955. Lamulo lokakamiza kupereka zokolola lidatha pa nthawi ya kuukira kwa mu Okutobala 1956, ndipo Szabad Nép idathera pomwepo, m'malo mwake mudalowa Népszabadság. Pa 16 Juni 1958 Imre Nagy adanyongedwa, ndipo tsiku lomwelo adanyongedwanso Miklós Gimes, amene kale adali mtolankhani wa Szabad Nép. Minda ya gulu idadzakhazikitsidwa m'dziko lonse pakati pa 1959 ndi 1961, mu ulamuliro wa János Kádár.

Anthu a ku Hungary sadaiwale. Kanema wotchedwa A tanú, ndiye kuti Mboni, amene Péter Bacsó adapanga mu 1969 ndipo adaletsedwa kwa zaka khumi, amayamba ndi banja losauka likupha nkhumba yake mobisa. Mu 2012 Nyumba ya Malamulo idasankha 29 Juni, tsiku la Petro ndi Paulo limene mwa mwambo limatsegula nyengo yodula tirigu, kuti likhale lokumbukira alimi amene adaonongedwa m'zaka zimenezo.

Tsono kwa wophunzira wanga uja nditi: zoonadi pepala lilibe mano, koma limaloza woti alumidwe, ndipo limaopseza aliyense amene akadagwira galuyo pakhosi. Mukamawerenga nyuzi iliyonse imene tsiku ndi tsiku ikunyoza gulu limodzi la anthu, dzifunseni mafunso atatu. Kodi munthuyu akuimbidwa mlandu chifukwa cha zimene wachita, kapena chifukwa cha dzina limene ampatsa? Kodi mawu ake a iye mwini alembedwa pati? Nanga amene wamuchitira chifundo, nyuziyo ikumutcha chiyani? Funso lachitatuli ndilo anthu amaiwala, chonsecho ku Hungary ndilo lidasonyeza kumene zinthu zidali kupita. Kwa aphunzitsi anzanga nditi, mwana amene tamuphunzitsa kuwerenga koma osamuphunzitsa kufunsa, tamusiyira ntchito ili pakati.

Sabata ya mawa tidzabwerera ku Budapest kuti tione zimene zidachitika pa 23 Okutobala 1956, tsiku limene ophunzira a m'mayunivesite adatuluka m'misewu.